Mwana wasankhidwa kukaphunzira Land Economy ku MUBAS: kodi maphunzirowa adzamufikitsa pati?

Mphunzitsi wa ku Dedza analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa inu nonse amene mumakumana pano. Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mwana wa mlongo wanga, amene ndakhala ndikumulipirira sukulu kuchokera pamene bambo ake anatisiya iye ali Folomu 1. Mtsikanayu anakhoza bwino mayeso a MSCE, makamaka masamu ndi jogalafe, ndipo dzina lake latuluka pa mndandanda wa bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE kuti akaphunzire Land Economy ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, kumene ambirife timakutchulabe kuti ku Poly. Tsiku limene uthengawu unafika, mayi ake analuluta nthungululu pabwalo mpaka anansi anatuluka m'nyumba, koma chimwemwecho chinayamba kuzirala madzulo omwewo pamene abale anafunsa kuti maphunzirowo ndi a chiyani kwenikweni, ndipo ine amene pabanjapo amandiona ngati wodziwa za sukulu ndinangoti kakasi.

Mlamu wanga amene amachita geni ku Lilongwe ananena mosapsatira mawu kuti mwanayu akupita kukaphunzira udobadoba, ntchito imene anyamata a m'tauni akuigwira ndi foni yokha popanda pepala lililonse la sukulu, ndipo anatilangiza kuti tikapemphe kuti amusinthire ku maphunziro owerengera ndalama, kapena adikire chaka chamawa ayese mwayi wa zamalamulo ku Zomba. Mwana mwiniyo akuti akufuna kupita, ngakhale kuti nditamufunsa chimene chinamukopa anangoti mphunzitsi wake wa jogalafe anamuuza kuti ndi maphunziro a malo ndi nyumba. Ine malipiro anga ndi a mphunzitsi, ndipo ngakhale atapeza ngongole ya boma ya ophunzira, ndikudziwa kuti ndalama ya chakudya, ya malo ogona ndi ya kompyuta idzachoka m'thumba mwanga zaka zonsezo, choncho sindikufuna kumulowetsa m'njira imene mathero ake ndi kukhala pakhomo digiri ili m'sutikesi.

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndikupempha inu amene munaphunzira zimenezi, kapena amene mukugwira ntchito ya malo ndi nyumba, kuti mundifotokozere chimene mwana amaphunzira m'kalasimo, kumene angakalembedwe ntchito akamaliza, komanso ngati mtsikana wochokera kumudzi, wopanda wachibale ku maofesi a boma kapena ku mabanki, angathe kuima payekha pa ntchitoyi. Mundiuze zokoma ndi zowawa zomwe, chifukwa tatsala ndi masabata ochepa kuti timange mfundo.

Valuer (wowerengera mtengo wa malo ndi nyumba) wa ku Limbe anayankha kuti:

Aphunzitsi, landirani mafuno anga abwino chifukwa cha kupambana kwa mwanayo, ndiponso chifukwa cha mtima wanu wosenza udindo wa umalume mpaka pamenepa. Ine ndinaphunzira maphunziro omwewa ku Poly, sukuluyo isanapatuke ku University of Malawi n'kukhala MUBAS mu 2021, ndipo ndatha zaka zoposa 10 pa ntchito yowerengera mtengo wa malo ndi nyumba. Mawu a alamu anuwo sanandidabwitse, chifukwa anthu ambiri amene amakumana nawo pa nkhani za malo ndi madobadobawo, ndipo ife amene timagwira ntchito ndi mabanki, makhoti ndi makhonsolo sationa kawirikawiri.

Dobadoba amakumanitsa wogula ndi wogulitsa, kapena mwini nyumba ndi wofuna lendi, n'kulandira yake, ndipo nkhani ikavuta mawa palibe pomugwira. Munthu amene anaphunzira Land Economy amayankha mafunso olemera kuposa pamenepo, akuti malo awa ndi a yani pamaso pa lamulo, akhoza kugwiritsidwa ntchito yanji, mtengo wake ndi wotani lero, ndipo n'chifukwa chiyani uli wotero. Yankholo amalilemba mu lipoti n'kulisainira ndi dzina lake, ndipo banki ikamatulutsa ngongole, khoti likamagawa chuma cha masiye, khonsolo ikamalipiritsa msonkho, kapena boma likamapereka chipukutamisozi, onsewo amakhala atatsamira pa siginecha imeneyo. Akanama kapena akalakwitsa chifukwa cha ulesi, akhoza kusumiridwa ndiponso kulandidwa chiphaso.

Pa chifukwa chimenechi maphunzirowa amatapa m'nthambi zingapo. Mwanayo adzaphunzira zachuma kuti amvetse chimene chimakweza kapena kugwetsa mitengo. Adzaphunzira malamulo a malo, a mapangano ndi a chikole. Adzaphunzira kamangidwe ka nyumba kuyambira pa maziko mpaka pa denga, kuti akaona mng'alu pakhoma adziwe ngati ndi wa pulasitala chabe kapena nyumbayo ikutitimira. Ndipo padzakhalanso za mapulani a mizinda, misonkho, kasamalidwe ka nyumba za lendi ndi masamu a chiwongoladzanja. Popeza mwati masamu amawatha, mbali imene imagwetsa ambiri sidzamusautsa kwambiri. Chimene ndingamuchenjeze ndi kalembedwe ka Chingerezi, pakuti lipoti losalongosoka limachotsera mwini wake ulemu ngakhale manambala ake atakhala olondola.

Ndikupatseni chitsanzo chongoyerekeza kuti muone mmene timaganizira. Tinene kuti nyumba ina ku Chinyonga ikulowetsa lendi ya K400,000 pamwezi, imene ndi K4,800,000 pachaka. Tikachotsapo K800,000 ya kukonzetsa, ya inshuwalansi, ya msonkho wa khonsolo ndi ya masiku amene nyumba imakhala yopanda munthu, mwini wake amatsala ndi K4,000,000. Ngati anthu ogula nyumba zotere m'deralo amakhutira ndi phindu la K8 pa K100 iliyonse pachaka, mtengo wa nyumbayo ndi K50,000,000, koma ngati akufuna K10 pa K100, mtengowo watsika kufika pa K40,000,000, pamene nyumba ndi yomweyo ndipo njerwa ndi zomwezo. Ukatswiri wonse uli pa kudziwa ngati nambala yoyenera ndi 8 kapena 10, ndipo yankholo silichokera m'mutu mwa munthu ayi, limachokera pa umboni wa nyumba zina zimene zagulitsidwa posachedwa m'dera lomwelo. Kuno kwathu umboni umenewu ndi wovuta kuupeza chifukwa anthu amabisa mtengo weniweni umene agulira, ena poopa msonkho, ena poopa abale, kotero kuti valuer wanzeru amakhala ndi kabuku kake kamene amalembamo malonda aliwonse amene wawamva n'kuwatsimikiza. Nyumba zimene sizigulitsidwa kawirikawiri, monga tchalitchi, sukulu kapena chipatala, timaziwerengera mwa njira ina, pofunsa kuti kumanga yofanana nayo lero kungadye ndalama zingati, kenako n'kuchotsapo kutha kwake ndi kuwonjezera mtengo wa malo. Kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera msangamsanga pamene lendi inatsalira m'mbuyo, ndipo ife tinapanikizika ndi ntchito yowerengeranso nyumba zimene malipoti ake anali asanathe ngakhale chaka.

Musaganize kuti ndi ntchito ya pampando pokha. Mwezi wathawu ndinali ku Bangwe ndi tepi yoyezera, kukaona nyumba imene mwini wake amafuna kuipereka ngati chikole. Kunja inali yopakidwa penti yatsopano, koma nditagogoda felemu ya chitseko cha kuchipinda inalira ngati ng'oma chifukwa chiswe chinali chitadya m'kati monse, ndipo nditakwera kudenga ndi tochi ndinapeza mitanda iwiri itawola pamene malata amadontha. Kenako ndinakafukula mabikoni, zizindikiro zosonyeza malire a malo, m'chimanga cha kuseri, n'kupeza kuti mpanda wa njerwa walowa mamita 2 m'malo a msewu. Pepala la lizi, lobwerekera malowo ku boma, linali la zaka 99 monga mmene zimakhalira ndi nyumba zambiri za m'tauni, koma lendi ya malo imene imaperekedwa ku boma inali isanalipidwe kwa zaka zingapo. Zonsezi zinalowa mu lipoti, ndipo mtengo unatsika kusiyana ndi umene mwini nyumba amayembekezera.

Ponena za kolembedwa ntchito, boma ndilo loyamba, kudzera ku Unduna wa Zamalo umene uli ndi nthambi yowerengera mitengo ya malo ndi nyumba. Makhonsolo a mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amadalira msonkho wa nyumba, ndipo kaundula wa mitengo imene msonkhowo umachokerapo amayenera kukonzedwanso zaka 5 zilizonse, ngakhale kuti kawirikawiri amachedwa. Palinso Malawi Housing Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1964, ndi makampani a nyumba zikuluzikulu monga MPICO, imene inalowa pa msika wa masheya mu 2007, ndi ICON Properties imene inalowa mu 2019. Makampani monga Knight Frank amachita zonse, kuwerengera mitengo, kugulitsa ndi kusamalira nyumba za anthu ena. Mabanki ali ndi nthambi zoona za chikole, ndipo mabungwe a penshoni ndi a inshuwalansi amaika ndalama zambiri m'nyumba, zimene zimafunika kuwerengedwa kawirikawiri kuti mabuku awo a chuma anene zoona.

Koma mudziwiretu kuti digiri siimaliza nkhani. Akatuluka ku MUBAS ayenera kugwira ntchito pansi pa valuer wolembetsedwa kwa zaka zingapo, kulowa m'bungwe la Surveyors Institute of Malawi ndi kuyesedwa, asanaloledwe kusainira lipoti payekha. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano okhudza kuwerengera mitengo ya katundu wotere ndi kayendetsedwe ka malonda a nyumba ndi malo, ndipo cholinga chake n'chakuti ntchitoyi izigwiridwa ndi anthu olembetsedwa. Zaka za pakati pa digiri ndi chiphaso ndi zowawa pathumba, ndipo m'pamene yesero lalikulu limabwera. Munthu wofuna ngongole adzamuitanira pambali n'kumuuza kuti angokwezako pang'ono mtengowo, iye amuona bwino. Ndaona anzanga aluso kuposa ine atagwera m'mbuna imeneyi, mabanki n'kuwachotsa pa mndandanda wa amene amawakhulupirira, ndipo m'dziko laling'ono ngati lathu lino mbiri yotere imafika ku Mzuzu dzuwa lisanalowe. Ngati mwamulera mwanayo kuti azitha kunena kuti ayi kwa munthu wamkulu kuposa iye, mutumizeni ndi mtima pansi.

Womaliza ku Mzuni anayankha kuti:

Bambo aphunzitsi, ine ndine mtsikana amene ndinaphunzira Estate Management ku Mzuzu University, maphunziro amene ndi apachibale ndi a ku MUBAS, ndipo ndikufuna kuwonjezera pa zimene anena achikulire a ku Limbe, chifukwa mndandanda wa malo a ntchito umene aupereka ndi woona, koma ukhoza kukupatsani chithunzi chakuti zitseko n'zotseguka. Ine nditamaliza ndinakhala pakhomo kupitirira chaka. Makampani olembetsedwa ndi ochepa, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ena ali ndi antchito osakwana 10, pamene mayunivesite awiri akutulutsa ophunzira chaka ndi chaka. Boma nalo silitsegula mipata kawirikawiri. Ndinayambira pa ndondomeko ya boma yotumiza omaliza maphunziro kuti akaphunzire ntchito m'maofesi, ndipo kandalama kamene ndinkalandira kankathera pa minibasi ndi lendi ya chipinda chimodzi.

Chifukwa china chimene msika wathu uli wopapatiza ndi chiwongoladzanja. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Tengani nyumba ija ya ku Chinyonga: munthu atakongola K40,000,000 pa 30 peresenti, chiwongoladzanja chokha pachaka ndi K12,000,000, pamene lendi yonse ndi K4,800,000. Ndiye Amalawi ambiri sagula nyumba ndi ngongole, amagula puloti n'kumanga pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa kufika pa mawindo, ndipo malonda oterewa sadutsa m'manja mwa valuer. Pamenepa ndisiyaneko pang'ono ndi achikulire pa nkhani ya madobadoba. N'zoona kuti ena ndi akuba, koma munthu wofuna nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi alibe kwina kopita, chifukwa makampani olembetsedwa safika kumeneko. Ife ophunzira tasiyira ena msika waukulu umenewu chifukwa chounyoza.

Pano ndikugwira ntchito yosamalira nyumba ya maofesi ndi mashopu, ndipo tsiku langa limatha ndi kutsatira amene sanalipire lendi, kuitana wokonza pampu ya madzi, kuwerenga mapangano amene atsala pang'ono kutha ndi kulemba bajeti ya zokonzetsa. Kangapo eni nyumba andifunsa kuti abwana anga ali kuti, chifukwa sayembekezera kuti mtsikana ndiye wabwera ndi tepi, koma ndikawasonyeza pamene denga lawo likudontha ndi ndalama imene akutaya pa shopu yokhala yopanda munthu, amayamba kundimvera.

Funso lanu lakuti mwana wa kumudzi angathe bwanji ndilo landikhudza kwambiri, ndipo yankho langa n'lakuti kukulira kumudzi ndi chuma pa ntchitoyi. Malamulo a malo a 2016, makamaka Customary Land Act, anatsegula njira yakuti banja lilembetse malo a makolo n'kukhala ndi chikalata, ndipo m'mudzi mumakhala komiti imene wapampando wake ndi a gulupu, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa, amene osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Ntchito zikuluzikulu monga ya ulimi wa mthirira ya Shire Valley Transformation Programme ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndiponso misewu ndi nthambo za magetsi, zimafuna anthu owerengera chipukutamisozi. Ine ndinagwirako ntchito yotere miyezi ingapo m'mbali mwa msewu wina, ndipo tinkawerenga mtengo uliwonse wa mango, phata lililonse la nthochi, nkhokwe, khola ndi chimbudzi. Tsiku lina agogo ena anagwira mtengo wa mango n'kunena kuti anaubzala ndi malemu amuna awo chaka chimene anabadwa mwana wawo woyamba, ndipo mnzanga wokulira m'tauni anafuna kungolemba nambala n'kupitirira. Ndinakhala nawo pamkeka mpaka anafotokoza zonse, ndipo m'kucheza momwemo ndinadziwa kuti munda umene tinaulemba m'dzina la mkamwini unali wa mbumba ya mkazi wake. Mwana wa ku Dedza amadziwa kale chikamwini ndi chitengwa, amadziwa mwinimbumba ndani, amadziwa kuti pamaso pa mfumu salankhula ataimirira ndipo nkhani ya manda siikambidwa mothamanga. Zimenezi m'kalasi amangozitchula, koma kumunda ndi zimene zimasiyanitsa lipoti loona ndi lipoti loyambitsa milandu.

Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanalimbikira pa Excel ndi mapulogalamu a mapu monga QGIS kuyambira chaka choyamba, ndikanapeza laisensi yoyendetsera galimoto ndisanamalize, ndipo tchuthi chilichonse ndikanakapempha kuthandiza pa ofesi ya zamalo ya ku boma kwathu ngakhale popanda malipiro, chifukwa anzanga amene analembedwa msanga ndi amene anali atadziwika kale m'maofesi mwa njira imeneyi.

Mayi wa ku Area 25 anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine sindinaphunzire zimenezi, ndine namwino, koma ndikufuna alamu anuwo amve nkhani yanga. Zaka zingapo zapitazo ndinagula puloti kunja kwa mzinda wa Lilongwe kudzera mwa mnyamata wina amene anandipeza pa Facebook. Tinapita limodzi kukaona malowo, anandionetsa munthu amene anati ndi mwini wake, tinalemberana pa pepala la m'kope pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ndinapereka ndalama imene ndinasunga zaka 4 kudzera ku banki mkhonde ndi ku SACCO. Nditabweretsa njerwa ndi mchenga, ndinapeza munthu wina atakumba kale maziko, ali ndi pepala lofanana ndi langa, losainidwa ndi wogulitsa yemweyo. Pamapeto pake zinadziwika kuti malowo anali a banja lonse, ndipo wogulitsayo analibe mphamvu yowagulitsa popanda abale ake. Ndalama yanga sinabwerere yonse mpaka lero, ndipo njerwa zija zinatha ndi mvula ndi akuba.

Pamene ndinkagula malo achiwiri, ndinalipira mayi wina wolembetsedwa amene anaphunzira maphunziro amene mukunenawa. Iye anapita ku ofesi ya kaundula wa malo kukafufuza dzina la mwini wake, anaona ngati malowo sanaperekedwe ngati chikole ku banki, anafunsa ku khonsolo ngati deralo ndi lomangapo nyumba zokhalamo, ndipo anabweretsa woyeza malo kuti atsimikize mabikoni. Anandiletsa puloti yoyamba imene ndinaikonda chifukwa inali m'dambo, ndipo mvula ya chaka chomwecho inasonyeza kuti ananena zoona. Ndalama imene ndinamulipira inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ndinataya poyamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo amene tikukhala kuno tikuona ndi maso mmene minda ya ku Chitedze, ku Lumbadzi ndi njira ya ku Bunda ikusandukira mapuloti. Anthu onsewa akufuna wina wowateteza ku zimene zinandichitikira ine.

Mmalawi wa ku Johannesburg anayankha kuti:

Akuluakulu, ndiwonjezereko mbali ya kunja kuno. Digiri ya kwathu siipatsa munthu chilolezo chosainira lipoti m'dziko lina, chifukwa malamulo a malo amasiyana dziko ndi dziko. Kuno ku South Africa owerengera mitengo amalembetsedwa ku South African Council for the Property Valuers Profession, ndipo ogulitsa nyumba ali pansi pa Property Practitioners Regulatory Authority. Amene akufuna dzina lodziwika m'maiko ambiri amalowa ku RICS, bungwe la akatswiri a malo ndi nyumba la ku London, koma njira yake ndi yaitali ndipo imadya ndalama. Akadzafuna kupitiriza maphunziro, University of Cape Town ndi Wits ali ndi nthambi za maphunziro a nyumba ndi malo, chimodzimodzinso Copperbelt University ku Kitwe ndi Ardhi University ku Dar es Salaam.

Koma chimene ndikufuna kutsindika ndi chakuti ife amene tili kunja tikusowa anthu oterewa kwathu konko. Ambirife timatumiza ndalama kwa abale kuti atimangire, ndipo si mmodzi kapena awiri amene atumiziridwa zithunzi za nyumba ya eni ake, n'kukapeza pa Khirisimasi kuti pa malo awo pali maziko okha atamera udzu. Munthu wolembetsedwa amene angatifufuzire malo, kutiyang'anira zomanga, kutitolerera lendi ndi kutitumizira lipoti loona mwezi uliwonse sangasowe makasitomala, bola akhale wokhulupirika kwa zaka ziwiri zitatu zoyambirira mpaka mbiri yake iyende m'magulu athu a WhatsApp.

Mphunzitsi wa ku Dedza analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonsenu, ndipo Mulungu akudalitseni chifukwa cha nthawi imene mwatipatsa. Dzulo madzulo ndinawerengera mlongo wanga ndi mwana wake mayankho onsewa, ndipo pamene tinafika pa nkhani ya agogo a mtengo wa mango, mlongo wangayo anakumbutsa za munda wa amayi athu umene takhala tikukanganirana malire ndi banja loyandikana nalo kuyambira kalekale. Inenso ndinakumbukira kuti pa sukulu imene ndimaphunzitsa anthu alima mpaka m'bwalo la mpira chifukwa palibe amene akudziwa pamene pali mabikoni. Tagwirizana kuti mwanayo apite ku MUBAS, ndipo mawu a achemwali a ku Mzuni okhudza chaka chokhala pakhomo tawasunga kuti tisadzadzidzimuke. Ndatsala ndi funso limodzi kwa achikulire a ku Limbe: pa miyezi imene yatsala sukulu isanatsegulidwe, mwanayu azichita chiyani, ndipo pa kandalama kochepa kamene ndili nako ndiyambe kumugulira chiyani?

Valuer wa ku Limbe anayankhanso kuti:

Aphunzitsi, yambani ndi laputopu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola batire yake ikhale yosunga moto ndipo izitha kutsegula Excel mosavuta. Kenako mumugulire kakyuleta ya sayansi, tepi yoyezera ya mamita 30 ndi nsapato zolimba zotseka, pakuti adzayenda m'matope ndi m'misomali. Mabuku okwera mtengo musagule panopa, adikire amve kwa aphunzitsi ake. Malamulo a malo, monga Land Act, Customary Land Act, Registered Land Act ndi kusintha kumene kunachitika mu 2022, amapezeka kwaulere pa intaneti pa tsamba la MalawiLII, ndipo awerenge pang'onopang'ono ngakhale asakumvetsa zonse, kuti mawu ake asadzakhale achilendo m'kalasi.

Ntchito imene ndingamupatse ndi iyi. Atenge kope latsopano ayende pa Dedza boma, kuyambira ku msika mpaka m'mbali mwa msewu wa M1, azifunsa mwaulemu lendi ya mashopu ndi nyumba, n'kulemba kukula kwa chipinda chilichonse, mtunda wake kuchokera ku msewu, ngati pali madzi ndi magetsi, ndiponso ngati denga lili bwino. Akakwanitsa malo 30, akhale pansi ayese kufotokoza chifukwa chimene shopu ya pafupi ndi depoti ikulipidwa ndalama zambiri kuposa inzake yofanana nayo imene ili kuseri kwa msika. Inu mumuperekeze tsiku loyamba kuti anthu asamukayikire, ndipo mupite naye ku ofesi ya zamalo ya kwa DC akadzidziwikitse, mukafunsenso komweko za mabikoni a sukulu yanu. Achemwali a ku Mzuni anenadi zoona pa nkhani ya misika imene timainyalanyaza, ndipo pa boma ngati la Dedza anthu osunga umboni wa mitengo ya lendi ndi ochepa kwambiri, choncho kopelo alisamale ndipo abwere nalo ku Blantyre.